Pakamwa pa a Turdali

Ku Margilan kuno palibe amene sanamvepo kuti a Turdali, pa zaka zawo makumi asanu ndi awiri, mano onse m'kamwa mwawo ndi achibadwa, poti eni akewo amalengeza zimenezi tsiku ndi tsiku kunyumba ya tiyi. Chimene ankachibisa ndi mtima wawo wonse n'chakuti manowo anakawapangitsa ku Tashkent zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, a m'mwamba ndi a m'munsi omwe, ndipo anachita kumupempha mmisiriyo kuti aikepo limodzi lagolide kuti bodzalo lisaonekere.

Tsono m'mawa wina, mkuluyu ali khale pa nsanja yamatabwa pansi pa mpesa, akuviika buledi mu tiyi, mkamwana wawo Oydin anatulukira ndi thireyi yovundikira ndi nsalu yoyera. Mtsikanayu anali atatha zaka ziwiri akuphunzira ntchito yothandiza dokotala wa mano, ndipo mawa lake anali ndi mayeso otsiriza oti dzina lake lilowe m'kaundula wa boma. Anali mwana wabwino ndi waulemu, koma wa mtundu uja woti ukamuuza kuti "dikira pano" n'kuiwala, umakamupeza mawa ataima pomwepo.

"Dadajon, ndabwera pa lonjezo lija," anatero Oydin, kuwaitana mwaulemu monga bambo ake, dzanja lili pachifuwa.

"Lonjezo liti, kelin, mkamwana wanga?"

"La tsiku lija kunabwera alendo a ku Kokand. Munati chilichonse chimene ndingafune pa mayeso anga, inu mulipo."

"Eya, ndinatero! Ndipo ndikubwereza, anthu amve. Mukufuna chiyani? Dalitso? Tambasulani manja. Galimoto yokuperekezani? Ndituma uthenga kwa mphwanga."

"Ndikufuna pakamwa panu."

A Turdali anasiya kutafuna.

"Pakamwa panga pakatani ku mayeso anu?"

"Aliyense m'kalasi anatola kapepala. Kapepalako kamanena mtundu wa pakamwa pamene uyenera kukasaka. Ukapeza munthu wake, umadinda chikombole cha m'kamwa mwakemo, n'kupita nacho kwa aphunzitsi. Anzanga akuzunguliratu m'midzi, Dadajon. Koma ine nditangowerenga kanga ndinati, Mulungu ndi wabwino, pakamwa pamenepa pali kunyumba."

"Hehe! Mwaona?" A Turdali anasisita ndevu, dzino lagolide lija likuwala. "Ndiye kuti akufuna pakamwa posowa?"

"Posowa kwambiri. Aphunzitsi anati masiku ano sipapezeka wamba."

"Akunena zoona aphunzitsiwo, ndi anthu ophunzira. Chabwino, jambulani chithunzi. Ndiyang'ane kuti? Kudzuwa?"

"Si chithunzi ayi." Oydin anavundukula thireyi ija. Panali kapaketi ka ufa wofiirira, kambale kamphira, kagalasi ka pa kamtengo, ndi kachitsulo kokhota ngati phazi la hatchi. "Ufawu ndisakaniza ndi madzi. Phala lake ndiika m'kachitsulo aka, ndikukanikizani nako m'kamwa. Likauma, ndikoka."

"Mukoka."

"Ndikoka."

"Ndiye kuti phalalo... limagwira?"

"Iii, limagwira zedi! Chilichonse chogwedera chimatuluka nalo. Mnzanga wina poyeserera pa mlamu wake anatulutsa dzino lomwe, mwini wake akuyang'ana."

A Turdali anakayang'anitsitsa kachitsulo kaja. Walira mvula walira matope. Si iwo omwe amene anakakamira kuti mkamwana apite kusukulu, pamene akazi awo ankati mkamwana ndi wa pakhomo? Lero sukuluyo yabwera yokha kudzawazula mano pabwalo pawo, dzuwa likuswa mtengo.

Oydin anatenga kambale ka tiyi, n'kuthiramo madzi ofunda mpaka m'milomo. Anakaika pafupi ndi bondo la apongozi ake mosamala, kenako anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma.

"Kelin."

"Wawa, Dadajon."

"Ichi n'chiyani?"

"Madzi."

"Ndikuona kuti ndi madzi, maso ndili nawo. Koma mwadzaza mpaka m'milomo? Kambale kodzaza timapatsa mlendo amene watitopetsa, kuti amwe azipita! Mukundithamangitsa pakhomo panga? Ndipo mwandifulatira!"

"Ayi, Dadajon, ndi buku." Anatulutsa buku m'thumba la epuloni n'kuwerenga, akuyang'anabe kukhoma. "Ikani madzi odzaza pafupi ndi wodwala wachikulire. Tembenukani, mumupatse ulemu. Wodwalayo amadziwa yekha chochita."

"Ine sindine wodwala."

"Aliyense wokhala pampando ndi wodwala."

"Ndakhala pansanja ine."

"Lero nsanjayo ndi mpando."

"Ha! Chabwino. Wodwala amadziwa chochita, eti? Ndikudziwadi."

Ananyamula kambale kaja n'kugugudiza madzi onse, n'kukagwetsera pansi kuti go.

"Mwamaliza, Dadajon?"

"Ndamaliza."

Oydin anatembenuka. Anayang'ana m'kambale, anayang'ana pakamwa pa apongozi ake, anayang'ananso m'kambale.

"Mwamwa."

"Nanga madzi amatani nawo? Ndisambe?"

Mtsikanayo anabwerera ku buku lake. Anavundukula tsamba, anabwerera, anatsata mizere ndi chala.

"Buku silinanene za ludzu," anatero chapansipansi. "Palibe kanthu. Ludzu lithe kaye."

Anathiranso, n'kutembenuka.

"Mwadzazanso!"

"Buku limati..."

"Bukulo analemba munthu wopanda apongozi! Taonani, ndimwa, ndipo sindichoka. Nyumba ino anamanga ndi bambo anga. Mpesa uwu ndinabzala ndine. Mudzaze kakhumi, ndimwa kakhumi, mundipeza pompano."

Anamwa. Ulendo uno madziwo anatsika mochedwerapo.

"Mwamaliza, Dadajon?"

"Ndamaliza!"

Oydin anatembenuka, anayang'ana, nkhope yake n'kugwa. Anaganiza kanthawi, chala chili patsaya, kenako maso ake anawala.

"Aaa, ndazindikira! Pepani, kupusa ndi kwanga. Kwa munthu wa chibwano chachikulu ngati inu, kambale aka n'kochepa."

Anathamangira kukhitchini, n'kubwera ndi mbale yaikulu ya maluwa abuluu, yodzaza ndendende.

"Kelin, iyi ndi mbale ya msuzi!"

"Eya. Iyi ikwana."

"Ikwana ndani? Ngamila?"

"Ikwana inu, Dadajon. Musafulumire, ine ndayang'ana kukhoma."

A Turdali anaiyang'ana mbale ija ngati mdani. Koma anaganiza kuti bola pakamwa pali pa ntchito yomwa madzi, phala lija silingalowepo. Anaigwira ndi manja awiri n'kuyamba, akupumira panjira. Pomaliza mimba inali itatukumuka, lamba wa mkanjo akulira, ndipo akasuntha pang'ono m'kati munkamveka kuti khuvu khuvu.

"Mwamaliza, Da..."

"Musandifunsenso funso limenelo! Tembenukani, tikambirane ngati anthu."

Oydin anatembenuka. Ataona mbale ili gwa, anapuma mozama.

"Koma ludzu limeneli, Dadajon, si la shuga?"

"Ndi la mkwiyo. Tamverani, mwana wanga. Ndaganiza bwino. Chinthu ichi sichingatheke. Chiyambire makolo athu, munamvapo kuti mkamwana walowetsa zala m'kamwa mwa apongozi ake aamuna? Anthu akamva adzati chiyani?"

"Zoona, Dadajon. Inenso ndinaganizira zimenezo." Anatulutsa magolovesi n'kuvala kuti thwa, thwa. "Zala zanga sizikukhudzani. Chikukhudzani ndi mphira."

"M'kati mwa mphiramo muli chiyani?"

"Zala."

"Ndiye?"

"Koma sizikukhudzani."

"Nanga maso? Mkamwana amayang'ana pansi pamaso pa apongozi. Inu mukufuna kusuzumira mpaka kummero!"

"Sindisuzumira." Ananyamula kagalasi kaja. "Ndiyang'ana m'galasimu. Amene ayang'ane m'kamwa mwanu ndi galasi."

"Galasilo lili m'dzanja la ndani?"

"La mphira."

A Turdali anayang'ana kumwamba, kumene mphesa zinali lende, kufuna thandizo. Thandizo silinabwere, kunangobwera mavu awiri.

"Ndaiwala kukuuzani," anatero mwadzidzidzi, akuwongola msana. "Lero ndikusala kudya. Palibe chinthu chiyenera kulowa m'kamwa mwanga mpaka dzuwa litalowa."

"Koma mwezi wosala unapita kale."

"Ndikusala mwa kufuna kwanga. Munthu akakula amawonjezera."

"Mwayamba nthawi yanji?"

"M'bandakucha."

"Ndiye buledi uja? Ndi tiyi? Ndi madzi timbale tiwiri ndi mbale ya msuzi?"

"Ndayamba... panopa."

"Ooo." Oydin anagwedeza mutu mokhulupirira ndithu. Anatsegula buku, anatseka. "Phalali sameza, Dadajon. Limalowa n'kutuluka. Koma ngati mukukayika, ndithamange ndikafunse kumzikiti ngati kusala koyamba pakati pa m'mawa, munthu atadya kale..."

"Musapite! Ndamasula. Ndasiya. Kusalako kwatha."

"Kwatha msanga."

"Kunali kwakufupi."

Mkamwana anadikira ndi manja a mphira m'mwamba, apongozi akusaka khomo lina lothawira.

"Dikirani apongozi anu aakazi," anatero. "Akabwera kuchokera ku Namangan, mudinde iwowo. Akazi okhaokha, palibe chovuta."

"Abwera Loweruka, mayeso ndi mawa. Ndiponso pakamwa pawo sipayenera."

"Sipayenera, eti? Hehe. Ndimawauza ine, shuga wamiyala uja amatafuna ngati mbewa. Nanga mwamuna wanu?"

"A Sanjar ali pamsewu wa ku Almaty ndi lole. Koma ngakhale akanakhalapo, pawonso sipayenera."

"Mlamu wanu? Aphunzitsi a pasukulu apo? Wogulitsa mavwende?"

"Onsewo ayi. M'nyumba muno, ngakhale mumsewu uno wonse, pakamwa poyenera ndi panu pokha."

A Turdali anamva kukoma ndi mantha nthawi imodzi. Zaka khumi ndi chimodzi akhala akulakalaka mawu amenewa, ndipo lero awamva kuchokera kwa munthu wa sukulu, koma munthu yemweyo wanyamula chozulira.

"Tiyesenso kamodzi," anatero Oydin mofatsa. Anadzazanso mbale ya msuzi ija n'kuyang'ana kukhoma.

Ulendo uno panalibe malo otsala m'mimba, ngakhale a dontho. A Turdali anayang'ana uku ndi uku, ananyamula mbale mwakachetechete, n'kukhuthulira madziwo mumphika wa maluwa umene unali pansi pa nsanja. Madzi anamveka kuti khwavu.

"Ndamva!" anafuula Oydin mosangalala, osatembenuka. "Ndamva, Dadajon! Zikomo kwambiri! Khalani choncho, musasunthe!"

"Mwamva chiyani?"

Koma mtsikanayo anali atang'amba kale kapaketi. Anathira ufa m'kambale kamphira, anathira madzi, n'kuyamba kutakasa mwachangu, chigongono chikuvina.

"Phalali limauma msanga. Ndikatembenuka, mungoyasama, basi. Mupumire m'mphuno. Musaope."

Anapaka phala m'kachitsulo, anatembenuka nako m'manja, n'kuima chilili. A Turdali anali atakukuta mano onse makumi atatu ndi awiri, milomo yokha ili yotsegula, dzino lagolide lili ng'aning'ani.

"Dadajon... simunakonzeke."

"Ndakonzeka kalekale," anayankha mawu akutulukira m'mipata ya mano.

"Koma... koma mbale..." Anayang'ana mbale yopanda kanthu, anayang'ana mphika wa maluwa ukudontha. "Dadajon, phala likuuma!"

"Liume."

"Chonde!"

"Ndati liume. Pakamwa ndi panga."

Anayang'anizana. Mavu aja anazungulira kawiri. Oydin anagogoda phala lija ndi chala, ndipo linalira ngati chikopa chouma. Anakhala pansi m'mphepete mwa nsanja, chinthu chimene sanachitepo chikwatiwire, n'kuvula magolovesi pang'onopang'ono.

"Anatipatsa ufa wokwana kawiri basi," anatero. "Kamodzi kapita. Kachiwiri kakapitanso, mawa ndilibe chopita nacho. Ndidikira chaka chathunthu. Anzanga adzavala zoyera, ine ndidzakhala ndikusesa panja pa geti, anthu akundiloza kuti suja ankati akuphunzira za mano."

Misozi iwiri inagwera pa epuloni. Sanalire mokweza, mwana uyu sankadziwa n'komwe kulira kwa chiwembu, ndipo n'chimene chinawapweteka a Turdali. Anamva chisoni, ndipo anachita manyazi. Mtsikanayu ndi amene ankawasisita maondo ndi mafuta nthawi yozizira, amene ankawasungira mphesa zakupsa kwambiri. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Kelin," anatero ndi mawu ena. "Katsekeni geti."

Anakatseka.

"Ndi mpiringidzo womwe. Tsopano suzumirani kuseri kwa khoma. Mkazi wa neba uja amayanika zovala ndi makutu omwe."

Oydin anakwera pa ndowa n'kusuzumira.

"Kulibe munthu. Kuli nkhuku ziwiri."

"Chabwino."

"Ndizithamangitse?"

"Zisiyeni nkhukuzo, bwerani kuno! Khalani apo. Lumbirani kuti zimene ndinene pano mupita nazo kumanda."

"Sindikudziwa tsiku lopita kumanda, Dadajon, koma ndizisunga."

"Inu munali musanabwere pakhomo pano. Chaka china ndinapita ku Tashkent milungu itatu. Ndinauza anthu kuti ndikukachiza msana."

"Unachira?"

"Msanawo unalibe kanthu."

"Mulungu ayamikike."

"Kelin, musandidule! Ndikuulula za moyo wanga pano." Anatsitsa mawu. "Palibe amene akudziwa. Sanjar sadziwa. Mkazi wanga amene, amene ndakhala naye zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, sadziwa. Ndimadikira agone, ndipo ndimadzuka iye asanadzuke. Mukaona chimene muone, musakuwe. Musakomoke. Ngati mukufuna kubwerera kwa makolo anu, sindikuletsani."

Anatulutsa mpango m'thumba, anaphimba kukamwa, anagwedeza chibwano kawiri. Potsitsa mpangowo nkhope yawo inali itafota ngati chikwama chopanda kanthu, mphuno ikufuna kupatsana moni ndi chibwano, ndipo m'dzanja mwawo mano onse anali akumwetulira okha. Anatsinzina, kudikira mkuwo.

"Eya, Dadajon!" anatero Oydin ndi mawu achimwemwe. A Turdali anamva madzi akuthiridwa, mbale ikukankhidwira pafupi. "Aikeni m'madzimo, angaume."

A Turdali anatsegula diso limodzi. Anayang'ana mbale. Anatsegula linalo. Anayesa kulankhula koma kunangotuluka mpweya, ndiye anabwezera manowo m'kamwa mwachangu, a m'munsi poyamba.

"Madzi aja..."

"Ndi oikamo mano."

"Mbale zinayi ndamwa zija?"

"Zitatu. Yachinayi mwathirira maluwa."

"Nanga bwanji osanena, mwana inu?"

"Tsamba lotsatira, Dadajon." Anatsegula buku. "Musatchule mano oikirira wodwala asanawatchule yekha. Ndiponso ine mkamwana ndingayambe bwanji kuuza apongozi anga kuti vulani mano? Ndinaleredwa ine."

"Kapepala kanu kaja kakuti chiyani?"

Oydin anakatulutsa n'kuwapatsa ndi manja awiri. A Turdali anakatalikitsa, anakayandikitsa, n'kuwerenga mogawa mawu.

"Pakamwa... popanda... dzino... ngakhale limodzi."

"Ndi posowa, monga ndinanenera. Ambiri amakhala ndi awiri kapena atatu otsala."

"Anakuuzani ndani?"

"Palibe. Ndinaona ndekha tsiku la ukwati wanga. Pamene ndinkakuweramirani, munaseka, a m'mwamba anatsika pang'ono, munawabweza ndi lilime. Koma buku limati musaganizire, funsani. Ndiye ndinafunsa amayi."

"Amayi ati?"

"Akazi anu."

"Mkazi wanga? Mwamuuza mkazi wanga?"

"Ayi, iwo ndi amene anandiuza. Akuti inu mumangowaviika m'kapu kuseri kwa kabati, osawatsuka bwino. Ndiye iwo amadikira muyambe mkonono, n'kuwatsuka ndi soda, n'kuwabwezera momwe munawaikira, lagolide likuyang'ana kukhoma."

"Ndimayesa ndi mtundu wa mano osada!"

"Amada, Dadajon. Kwambiri."

A Turdali anagwira mutu ndi manja awiri, kachipewa n'kupendekeka.

"Chabwino. Mkazi ndi mkazi, amanunkhiza zonse. Koma kunja? Kunyumba ya tiyi?"

Oydin anayang'ana pansi.

"Kelin, ndakufunsani."

"Mwandifunsa, ndiye ndiyankhe. Amayi akuti n'chifukwa chake pa mpunga wa Lachisanu, wophika wa kumeneko amakankhira nyama yofewa mbali yanu."

"Ndimayesa ndi ulemu!"

"Ndi ulemu ndithu."

"Nanga nthanga zolimba za chipatso cha apurikoti zimene ndimaswa ndi mano pamaso pawo? Onse amaomba m'manja!"

"Akuti mumachoka nazo kuno mutaswa kale ndi hamala. Hamalayo imamveka mpaka kumsewu."

"Ndiye amaomberanji m'manja?"

"Akuluakulu anagwirizana kuti munthu wamkulu sachititsidwa manyazi. Akuti wina akabwera wachilendo amamutsina khutu pakhomo, kuti mkulu uyo akayamba za mano, uzingodabwa."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku limene munatsika basi. Akuti munapita ndi mano asanu achikasu, n'kubwera ndi makumi atatu ndi awiri oyera."

A Turdali anadzuka, m'mimba mukuti khuvu. Nkhope inali itafiira mpaka m'makutu.

"Anthu abodza!" anakuwa, nkhuku za neba n'kubalalika. "Zaka khumi ndi chimodzi mudzi wonse ukundinamiza! Ndikudya nawo, ndikupemphera nawo, ndikuvina pa maukwati a ana awo, iwo akundiyang'ana m'maso n'kumati, ha, a Turdali, koma mano! Mulibe choonadi m'dziko muno, kelin. Mulibe!"

"Koma amene anayamba..."

"Khalani chete! Ndipo tamverani. Pakamwa panga sipapita kusukulu. Mudzi wandiseka mokwanira, asandisekenso aphunzitsi. Ndanena, ndatha. Chotsani zitsulo zanuzi."

Anakhala pansi, anapinda manja, anayang'ana kumbali. Oydin sanatsutse. Apongozi akanena kuti atha, ndiye kuti atha. Anayamba kusonkhanitsa zinthu zake pa thireyi, kagalasi, kambale kamphira, ufa wotsala, n'kuvundikira ndi nsalu. Anaweramira apongozi ake n'kulunjika kugeti.

"Mukupita kuti ndi thireyiyo?"

"Kwa a Holmat, osoka nsapato aja."

A Holmat ndi a Turdali anakulira msewu umodzi, ndipo chiyambire ali anyamata sanagwirizanepo pa chilichonse, kaya ndi za nkhosa, za mavwende, kapena za kumene mvula ichokere.

"Kwa Holmat mukatani?"

"Anamva kwa akazi awo za kapepala kanga. Anatumiza mawu dzana kuti ngati a Turdali achita mantha, iwo alipo."

"Mantha? Anati mantha?"

"Anatero. Ndinakana, ndinati ndili ndi apongozi anga. Koma poti mwanena kuti mwatha, nditenga pawo. Akuti pakamwa pawo ndi posalala ngati pa khanda la dzulo, kuposa panu."

"Kuposa panga?"

"Akuti kutali. Akuti aphunzitsi akadzaona, chikombole chawo ndi chimene adzasunge m'kabati yagalasi."

"Kabati yanji imeneyo?"

"Chaka chilichonse chikombole choposa zonse amachisunga kusukulu, ophunzira atsopano aziphunzirirapo. Amalembapo dzina la mwini pakamwa."

"Dzina lonse?"

"Ndi la bambo ake lomwe."

A Turdali anamenya bondo ndi chikhatho.

"Holmat? M'kabati yagalasi? Holmat ali ndi zitsa ziwiri kumbuyo uku, kumanzere! Ndinaziona ndi maso angawa akuyasamula pa maliro a wometa uja! Zakuda ngati makala!"

"Iwo akuti alibe ngakhale..."

"Wabodza ameneyo, chibadwire! Mukapita ndi pakamwa pa Holmat, aphunzitsi akazipeza zitsazo, mwalephera mayeso, mwachititsa manyazi banja lino! Ndani anakuuzani kuti katundu wabwino ali pakhomo muzikatola zotsalira kwa osoka nsapato?"

"Koma Dadajon, mwanena kuti mwatha."

"Ndayambanso! Bwererani kuno. Khalani apo. Valani mphira zanuzo."

"Nditembenuke?"

"Mutembenukire chiyani? Tsegulani ndi getilo, odutsa aone!"

Anagwira mano aja, a m'mwamba ndi a m'munsi, n'kuwaponya m'mbale ya msuzi kuti chubwi, madzi n'kuthovukira pamkeka. Anawongola kachipewa, anatukula chibwano chofota chija, ndipo ngakhale mawu ankatuluka ndi mphepo yambiri, anamveka mpaka kuseri kwa khoma.

"Takasani phalalo, kelin! Ndipo mawa mukawauze aphunzitsi anuwo, Holmat naye amve: mu Margilan monse muno mulibe munthu wopanda mano kuposa ine!"